Aroma 13 ndi khadi la chipani: achinyamata ndikawaphunzitse chiyani Lachitatu?

Mphunzitsi_wa_ku_Ntcheu analemba:

Moni abale ndi alongo. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Chaka chino abusa andipatsa gulu la achinyamata kuti tizisanthula kalata ya Paulo kwa Aroma Lachitatu lililonse madzulo. Tayenda bwino mpaka mutu 12. Sabata yamawa tikulowa mutu 13, ndipo kunena zoona tulo sindikuliona.

Vesi lake mukulidziwa: "Anthu onse amvere maulamuliro a akulu; pakuti palibe ulamuliro wina koma wochokera kwa Mulungu." Ine ndidaliloweza ndisanadziwe n'kuwerenga komwe, chifukwa malemu bambo anga ankalikonda kwabasi. Iwo adali mkulu wa mpingo, komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani cha MCP m'mudzi mwathu, nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. Makadi a chipani ankawasunga m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi, ndipo Baibulo lawo linkakhala pamwamba pa chitinicho. Sankaona chachilendo pamenepo. Nanenso sindinkachiona.

Mu 1972 ndidali ndi zaka 8. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala bambo wina wa Mboni za Yehova, mmisiri wokhoma ndowa ndi nyale za koloboyi. Mwana wawo wamwamuna adali mnzanga wokumba naye mbewa. Banja limeneli lidakana kugula khadi. Bambo anga adapitako katatu, madzulo okhaokha kuti anthu asawaone, ine ndikuwanyamulira mpando. Ulendo wachitatu ndidawamva akunena kuti, "Achimwene, kapepala chabe aka. Ndalama yake ndilipira ndine, inu mungolandira." Bambo aja adayankha mofatsa, nyundo ili m'manja, kuti msonkho amakhoma chaka chilichonse ndipo malisiti ali nawo, kuti pantchito yolambula msewu sajomba, koma khadilo ayi. Patapita masiku ochepa kudabwera anyamata a chipani ochokera kumidzi ina, usiku. Nkhokwe idapsa, nyumba idapsa. Fungo la chimanga chopserera lidakhala pamudzi sabata yathunthu, mpaka lero ndikamva chimanga chikupserera pambaula mtima umandithawa. Banjalo lidawoloka malire usiku womwewo kulowa ku Mozambique. Mnzanga uja sindidamuonenso.

Bambo anga sadayatse nawo motowo. Koma sadatulukenso panja. Mawa lake pamapemphero a madzulo adatiwerengera Aroma 13, mpaka pavesi 2 pamene akuti wokana ulamuliro akukana chimene Mulungu adaika, nkutseka buku, nkuti tiyeni tipemphere.

Funso langa ndi ili. Achinyamata anga ndi anthu a pa WhatsApp, zionetsero adazionera okha, sangondimvera ngati mmene ine ndinkawamverera bambo. Andifunsa kuti ngati vesili likunena zoona, nanga pa 15 Januwale timakumbukiranji John Chilembwe, m'busa amene adaukira boma? Andifunsa za maepiskopi a mu 1992. Ndipo mumtima mwanga ine ndili ndi funso lina limene sindingawauze: kodi bambo anga adaliwerenga bwino vesili, kapena adangobisalamo? Sindikufuna mayankho a ndale za masiku ano, chonde. Ndikufuna amene adalilingalirapo andithandize.

Mayi_Nachisale analemba:

Aphunzitsi, pepani ndi zimene mudaona muli mwana. Ine si wamaphunziro a Baibulo, ndingokuuzani zimene ndidaona.

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndidali m'kwaya kuparishi yathu kuno ku Blantyre, mwana wanga woyamba ali kumbuyo. Uthenga Wabwino utatha, bambo mfumu adati lero ulaliki palibe, tiwerenga kalata ya maepiskopi athu. Poyamba anthu ankangomvera ngati zolengeza za masiku onse. Kenaka idayamba kutchula zinthu: malipiro osakwanira a anthu ogwira ntchito, kusiyana kwa olemera ndi osauka, kuchepa kwa mabuku ndi aphunzitsi m'sukulu, zipatala zodzaza, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, mantha amene ankatitseka pakamwa. M'tchalitchi mudati zii. Mayi amene adali pafupi nane adandigwira chitenje nkundinong'oneza kuti, "Tituluke, atipha muno." Sitidatuluke. Atamaliza kuwerenga, ena adaomba m'manja, ena adangowerama ngati kwagwa maliro.

Dziwani kuti m'kalatamo mudalibe mawu oti tigwetse boma. Mudalibe ngakhale pempho loti anthu apite pamsewu. Zonse zimene idanena tinkazidziwa kale, koma tinkazinenera kukhitchini, mwana titamutuma kukatunga madzi. Chodabwitsa chidali kuzimva mokweza, masana, pamaso pa anthu.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Patangopita masiku awiri maepiskopi adaitanidwa kupolisi nkukafunsidwa kwa maola ambiri. Boma lidati kalatayo ndi youkira, aliyense amene ali nayo akaipereke. Kumalo osindikizira mabuku ku Balaka kumene idasindikizidwa kudayatsidwa moto. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno nthawi ya Pasaka. Ine yanga ndidaikulunga m'pulasitiki nkuikwirira m'thumba la ufa. Amuna anga adaidziwa patapita miyezi itatu, ndipo adandikalipira tsiku lonse, kenaka usiku ndidawapeza akuiwerenga ndi tochi.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chakuti Ambuye James Chiona ndi anzawo ataitanidwa adapita. Sadathawe, sadabisale, sadatume anyamata okawateteza ndi zikwanje. Adanena zoona nkukhala panyumba kudikira chimene chibwere. Kaya zimenezo ndi kumvera kaya ndi kusamvera, ophunzira atiuze, koma ine sindidaonepo kuti adachimwira Paulo.

Wophunzira_Zaubusa analemba:

Zikomo bambo potifunsa, ndipo zikomo amayi Nachisale, chifukwa mwayankha kale theka la funsoli osatsegula buku lililonse. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Ndiyambe ndi liwu lenilenilo. M'Chigiriki muli liwu limene Paulo amagwiritsa ntchito pouza ana kuti amvere makolo awo, pa Aefeso 6:1, ndilo hypakouo, kumva nkuchita chimene wauzidwa. Pa Aroma 13:1 sadalembe limenelo. Adalemba hypotasso, kutanthauza kudziika pansi pa dongosolo, kuvomera kuti pali wina pamwamba pako. M'chinenero chathu liwu loyandikira ndi kugonjera. Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, lidati "amvere", ndipo sindikunena kuti omasulira adalakwa, pakuti kumvera kwa Chichewa n'kotakata. Koma taonani chimene chidadzachitika patapita zaka 40. Chipani chidabwera ndi ngodya zake zinayi: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Munthu ngati bambo anu Loweruka ankamva "kumvera" pamsonkhano wa chipani, Lamulungu nkumvanso "amvere" paguwa. Liwu lomwelo, m'chinenero chomwecho, nthawi zina pakamwa pa munthu yemweyo. Kukadatheka bwanji kuti asaganize kuti Paulo akunena za khadi? Mawu onse anayiwo ndi mawu a m'tchalitchi. Ine ndimaona kuti mphamvu ya ngodya zija idagona pamenepo.

Kugonjera ndi kumvera zimatha kusiyana. Danieli adakana lamulo loletsa kupemphera, koma sadakane kulowa m'dzenje la mikango. Sadrake, Mesake ndi Abedinego chimodzimodzi. Petro ndi anzake adauza bwalo la akulu kuti "Tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu", pa Machitidwe 5:29, kenaka adalandira zikoti nkubwerera kukalalikira. Azamba a pa Eksodo 1 adanyozera lamulo la Farao lopha ana aamuna ndipo Mulungu adawachitira zabwino. Paulo mwini wake ku Filipi, pa Machitidwe 16, atakwapulidwa popanda mlandu, akuluakulu a mzinda adatuma uthenga woti atuluke mwakachetechete. Iye adakana, adati abwere okha adzatitulutse. Munthu amene adalemba Aroma 13 ndi yemweyo amene adachititsa manyazi oweruza pagulu.

China, mitu ya m'Baibulo sadaike ndi Paulo. Idaikidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo ntchitoyo amati adaigwira ndi Stephen Langton, amene adadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury. Mukachotsa nambala 13 ija, muona kuti nkhani ikuchokera pa 12:14: dalitsani okuzunzani, musabwezere choipa, siyirani Mulungu kubwezera, gonjetsani choipa ndi chabwino. Kenaka pomwepo nkhani ya maulamuliro, kenaka ya msonkho, kenaka pa 13:8 nkubwerera ku chikondi, ndipo vesi 10 likuti chikondi sichichitira mnzako choipa. Bambo anu akadapitirira mavesi asanu ndi atatu okha usiku umene uja, akadafika pa mnansi wawo.

Tikumbukirenso amene ankalandira kalatayi. Idalembedwa cha m'ma 57, Nero ali pampando koma asanayambe kupha Akhristu, zimene zidayamba moto wa mu 64 utawononga Roma. Zaka zochepa m'mbuyomo Klaudio adali atathamangitsa Ayuda mumzindawo, n'chifukwa chake Akula ndi Priskila tikuwapeza ku Korinto pa Machitidwe 18. Ndiye awa adali timagulu tochepa tokumana m'nyumba, ena angobwerera kumene kuchokera kothawira, mumzinda umene anthu ankadandaula kale za misonkho. Paulo akuwauza kuti khomani msonkho, musapatse asilikali chifukwa chokuphwanyirani. Akulembera anthu okhala pansi, osati kupereka ndodo kwa okhala pamwamba. Ndipo vesi 4 likutchula wolamulira kuti mtumiki wa Mulungu wochitira iwe zabwino. Mtumiki ali ndi bwana. Pa Chivumbulutso 13, Roma yemweyo akuoneka ngati chilombo chofuna kupembedzedwa.

Ndinene chinthu chimene mwina chikhumudwitsa ena. Ine si wa Mboni, ndipo pa ziphunzitso zambiri sindigwirizana nawo. Koma m'nkhani yanu, bambo, amene adasunga Aroma 13 ndi mmisiri wa ndowa uja. Msonkho adakhoma, monga vesi 6 ndi 7 likunenera. Sadamenye munthu. Adakana chinthu chimodzi chimene chikumbumtima chake chidamuletsa, nalandira zotsatira zake. Gulu lawo lidaletsedwa mu 1967, chiletso chidachotsedwa mu 1993, ndipo pakati pa zaka zimenezo anthu masauzande ambiri adathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Mipingo yathu yambiri idangoti phee.

Gogo_Wapenshoni analemba:

Mwana wanga wazaubusa, Chigiriki chako ndachimva ndipo sindikutsutsa. Koma samala, ukuchita ngati vesili uli nalo mantha ndipo ukulifunira khomo lotulukira. Lidalembedwa momveka: palibe ulamuliro wosachokera kwa Mulungu. Paulo sadati ulamuliro wabwino wokha. Petro naye adati lemekezani mfumu. Yesu adauza Pilato kuti mphamvu yake adapatsidwa kuchokera kumwamba, ndipo Pilato sadali munthu wolungama.

Ndidagwira ntchito m'boma zaka zambiri, zina mwa izo kuchigawo cha kummwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ndidaona ndi maso anga chimene chimachitika boma likatha. Anthu ankafika kumalire atavala masaka, ena makungwa a mitengo, ana ali ndi zilonda kumapazi. Othawa nkhondo adafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko laling'onoli. Amene sadaone zimenezo amaona ngati kugwetsa boma ndi masewera. Ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 paja tidataya anthu pafupifupi 20, ambiri achinyamata.

Za Chilembwe ndinena ngakhale ena andida. Madandaulo ake adali oona. Koma usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, ku Magomero m'nyumba mwake, banja lake lili pomwepo, nkumudula mutu, ndipo mbiri imati mawa lake mapemphero adachitika ku Mbombwe mutuwo uli poonekera. M'busa ameneyo. Pa 3 Febuluwale iye adali atafa, otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa, tchalitchi chake chokongola cha njerwa chidaphwasulidwa, ndipo thangata sadathe. Nkhope yake ili pa K2,000 ndipo ndimamulemekeza ngati Mmalawi. Koma kundiuza kuti ndimuike pambali pa Danieli, ayi.

Aphunzitsi, inu musawaweruze bambo anu muli pamthunzi. Akadatuluka usiku umenewo, nkhokwe yachiwiri kupsa ikadakhala yanu, ndipo mwina simukadafika kusekondale. Adali ndi ana oti awalere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife tikungoyankhula takhuta.

Chimwemwe_ku_Joni analemba:

Agogo, ndi ulemu wonse, za ku Mozambique ndakumvani. Koma pa Chilembwe mwayambira pakati. Asanagwire mkondo anayamba walemba. Chakumapeto kwa 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa mutu wake, nkumasiya amasiye. Boma silinafune kuti mawuwo amveke. Matchalitchi ake a udzu pa esiteti ya A. L. Bruce ankatenthedwa. Sindikuti kudula mutu kunali bwino, sikunali bwino. Ndikungoti amene anatseka khomo la kalata ali ndi gawo lake pa mlanduwo, ndipo nawonso Baibulo anali nalo.

Kuno ku South Africa vesili lili ndi mbiri yonunkha. Pa Pasaka wa 1985 P. W. Botha, pulezidenti wa boma la tsankho, anapita ku Moria, kumsonkhano waukulu wa Zion Christian Church, nkukauza khamu la anthu akuda za Aroma 13, kuti ulamuliro ndi wochokera kwa Mulungu. Chaka chomwecho gulu la abusa ndi aphunzitsi a zaumulungu linatulutsa chikalata cha Kairos, ndipo chimodzi mwa zimene chinatsutsa ndi kagwiritsidwe ntchito ka mutu umenewu poteteza tsankho. Mu 1986 mpingo wa makaladi wa Dutch Reformed Mission Church unalandira chivomerezo cha Belhar, chonena kuti mpingo uyenera kumvera Khristu ngakhale maboma ndi malamulo a anthu atauletsa. Gogo wina amene ndimapemphera naye ku Soweto anandiuza kuti masiku amenewo mlaliki akangotsegula Aroma 13, iwo ankayang'ana kaye nsapato zake kuti aone amene wamugulira.

Ndiye aphunzitsi, anawo muwafunse kuti vesili likuwerengedwa ndi ndani, ndipo akuwerengera ndani. Mkaidi akamadziwerengera yekha ndi nkhani ina, woyang'anira ndende akamamuwerengera ndi nkhani inanso.

Gogo_Wapenshoni analemba:

Iwe Chimwemwe, za nsapatozo wandiseketsa. Koma Mawu sasintha chifukwa cha pakamwa powatchula. Satana naye adatchula Salimo 91 m'chipululu, Salimolo silidafe. Ndangodutsa.

Mphunzitsi_wa_ku_Ntcheu analemba:

Zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, kachitatu ndawerengera mayi akunyumba.

Achimwene azaubusa, za ngodya zinayi zija mwandilasa. Ndidaphunzitsa ana kuzilakatula pa asembule zaka zambirimbiri, ndi pakamwa panga pomwe, ndipo sindidaganizepo kuti "kumvera" kwa pa asembule ndi "amvere" wa pa Aroma ndinkazimva ngati chinthu chimodzi. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndidavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, koma ndikulowa m'kachipinda kaja manja ankanjenjemera ngati ndikukaba, ndipo tsopano ndadziwa kumene kunjenjemerako kudachokera.

Agogo, mawu anu okhudza bambo anga ndawalandira, ngakhale sakundimasula kwenikweni. Zoona, nkhokwe yathu ikadapsa. Koma Paulo sadalonjeze kuti nkhokwe sizidzapsa. Chimene chimandiwawa si kusatuluka kwawo ayi, mantha ndimawadziwa, nanenso ndidakhala chete pa zambiri. Chimandiwawa ndi kuwerenga kuja, kuti adatenga mantha awo nkuwaveka vesi pamaso pa ife ana.

Komabe mwandikumbutsa chinthu chimene sindidachilembe poyamba chifukwa sindinkadziwa pochiika. M'mawa moto utazima, mbuzi ziwiri za mmisiri uja zidapezeka zikuyendayenda kudambo. Bambo adazikusa nkuzilowetsa m'khola mwathu. Zidaswana mpaka zidapitirira khumi, koma iwo sadagulitseko kapena kuphako ngakhale imodzi, ngakhale chaka chimene ine ndidatsala pang'ono kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ankazidula khutu mosiyana ndi zathu, ndipo ankangozitchula kuti mbuzi za eni ake. Dzina la eni akewo sankalitchula. Adamwalira chiletso chija chisanachotsedwe, ndipo palibe adabwera kudzazitenga. Pamaliro awo akuchimuna adapha ziwiri mwa zomwezo kuti anthu adye. Mayi anga adadya nsima yawo ndi masamba a nyemba.

Lachitatu ndiyambira pa 12:14 monga mwanenera, ndipo tikafika mpaka 13:10 tisanatseke buku. Za Chilembwe ndiwapatsa mbali zonse ziwiri, ya agogo ndi ya Chimwemwe, akalimbane nazo okha. Chitini cha mabisiketi chija chikadalipo kwa mlongo wanga, amasungiramo singano ndi mabatani, ndamuimbira kuti anditumizire pa minibasi. Za mbuzi sindinaganize ngati ndikawauze.

Achimwene azaubusa, liwu lija la hypotasso amalitchula bwanji? Mundilembere mmene limamvekera m'Chichewa, ana a masiku ano sachedwa kuseka munthu.